Mbale ndi Makaseti a pa Kaunjika wa ku Britain

M'matauni ambiri a ku Britain, pa msewu waukulu pamene pamakhala mabanki ndi masitolo a zovala zatsopano, simulephera kupeza masitolo awiri kapena atatu ogulitsa katundu amene anthu adagwiritsapo kale ntchito. Eni dziko amawatcha charity shop, pamene ku America dzina lake ndi thrift store. Katundu wa m'menemo ngwoperekedwa ulere ndi anthu akufuna kwabwino, ogulitsa ambiri ndi odzipereka osalandira malipiro, ndipo ndalama zopezeka zimapita ku ntchito zachifundo. Zovala amazipachika poonekera, mabuku amawandandalika pa mashelefu, koma chakumbuyo kwenikweni, kawirikawiri pansi pa thebulo, pamakhala bokosi la mbale za nyimbo ndi kabokosi kena ka makaseti. Pamenepo ndi pamene mungapeze munthu wamkulu ndithu, wovala mwaulemu wake, atagwada pansi ngati akupemphera, zala zake zikutembenuza mbale imodziimodzi. Nkhani yathu ndi ya munthu ameneyu ndi chimene akufunafuna m'bokosimo.

Masitolo otere ali ndi mbiri yaitali. Ku America, mbusa wa mpingo wa Methodist, Edgar Helms, adayambitsa Goodwill mumzinda wa Boston m'chaka cha 1902, posonkhanitsa zinthu zakutha za anthu olemera kuti amphawi azikonze ndi kuzigulitsa. Ku Britain bungwe la Oxfam lidabadwa mu 1942 ku Oxford pofuna kuthandiza anthu a ku Greece amene ankafa ndi njala pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo sitolo yake yoyamba, ya pa 17 Broad Street mumzinda womwewo, idatsegulidwa patangopita zaka zochepa nkhondoyo itatha. Lero masitolo achifundo m'dzikolo ndi oposa 10,000. Ife kuno timawadziwa masitolowa ngakhale ambiri sitidalowemo, pakuti zina mwa zovala zimene zalephera kugulidwa kumeneko ndizo zimamangidwa m'mabelo, kuoloka nyanja, ndi kudzakhuthulidwa pa kaunjika. Kusiyana kwake n'kwakuti mbale ya nyimbo siikwera nawo belo. Imalemera, imasweka, ndipo wamalonda a mabelo alibe nayo ntchito. Chomwecho imatsala komweko, kudikira woigula kapena dzala.

Kodi mbale zimenezi zidachuluka bwanji chotere? Akuluakulu amene adaona galamafoni yopukusa ndi dzanja, ija ankabwera nayo amuna ochokera ku migodi ya ku Johannesburg, akumbukira mbale zolemera zozungulira ka 78 pa mphindi imodzi. Zinali zopangidwa ndi shellac, utomoni wochokera ku tizilombo tina ta ku India. Zinkasweka ngati mbale yadothi, ndipo mbali imodzi inkatenga nyimbo ya mphindi zitatu zokha. Mu 1948 kampani ya Columbia idatulutsa mbale yaikulu ya pulasitiki yotchedwa vinyl, ya mainchesi 12, yozungulira ka 33 ndi pang'ono, imene inkaimba mphindi zoposa 20 mbali imodzi. Chaka chotsatira RCA Victor idayankha ndi kambale kakang'ono ka 45. Kaseti idadza mu 1963 kuchokera ku kampani ya Philips, pa ntchito imene adatsogolera Lou Ottens wa ku Netherlands, ndipo Sony itatulutsa Walkman mu 1979 nyimbo zidayamba kuyenda m'thumba la malaya. Tsono mu 1982 kudabwera CD. M'zaka khumi zotsatira mabanja ochuluka adagulanso pa CD nyimbo zomwe anali nazo kale, ndipo mbale zakale zidakwezedwa kudenga kapena kunyamulidwa m'makatoni kupita ku sitolo yachifundo. Makaseti adatsatira njira yomweyo, ndipo CD nayo idalondola pambuyo nyimbo zitasamukira pa intaneti.

Pali njira yachiwiri imene siuma, ndiyo imfa. Nkhalamba ikamwalira, ana ake amene mwina amakhala kutali amakhala ndi masiku owerengeka oti akhuthule nyumba. Mipando amagulitsa, zithunzi amagawana, koma mbale mazana awiri zimene bambo wao adasonkhanitsa chiyambire unyamata palibe amene ali ndi malo ozisunga. Ndicho chifukwa chake wofufuza m'bokosi nthawi zina amapeza mbale makumi atatu zotsatizana zonse zolembedwa dzina limodzi pa ngodya ya chikuto, ndi dzanja limodzi, inki yokha ikusintha ndi zaka. Wayamba ndi nyimbo zovina, wafika pa za chikondi, kenaka za ana, potsiriza za tchalitchi. Munthu woganiza sangatembenuze mulu wotere osakhudzidwa mtima.

Tsono tiyeni tione zimene zimapezeka m'bokosimo, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani. Amene akupita koyamba amayembekeza kukumana ndi maina akuluakulu a m'mabuku a mbiri ya nyimbo. Mmalo mwake amakumana ndi James Last, mtsogoleri wa gulu loimba wa ku Germany; amakumana ndi Mantovani ndi azeze ake; amakumana ndi nyimbo za mu kanema wa The Sound of Music; ndipo ku America sangayende masitolo atatu osaona chimbale cha Herb Alpert cha mu 1965 chotchedwa Whipped Cream & Other Delights. Amapezanso mulu wa mbale zotsika mtengo za Top of the Pops, zimene kampani ya Hallmark idayamba kutulutsa mu 1968. Pa mbale zimenezi simunali oimba eniake a nyimbozo, koma aganyu a m'situdiyo osatchulidwa maina, otsanzira nyimbo zimene zinali pakamwa pa anthu mwezi umenewo. Elton John asanatchuke adagwirapo ganyu ya mtundu umenewu, ndipo pali osonkhanitsa ena amene ntchito yao ndi kutchera khutu kuti azindikire mau ake pakati pa mbale za anthu opanda maina.

Koma mwini bokosi weniweni ndi Jim Reeves. Woimba wa ku Texas ameneyu adafa pa ngozi ya ndege pafupi ndi Nashville pa 31 July 1964, komabe mbale zake zidapitirira kutuluka, kotero kuti mu 1966 nyimbo yake ya Distant Drums idakhala pa nambala 1 ku Britain mwini wake ali m'manda. Akatswiri a nyimbo a m'mizinda amamudumpha mothamanga ndi nkhope yonyansidwa. Ife amene makolo athu ankakweza wailesi mau ake akamveka, sitingamudumphe chomwecho. Munthuyu adayendera South Africa mu 1962, adaimbako nyimbo m'chiyankhulo cha Afrikaans, ndipo adasewera mu kanema wa Kimberley Jim amene adajambulidwa kumeneko. Mayi wa ku Leeds ndi mphunzitsi wa ku Dedza amene sadaonanepo ankamvera mau amodzi madzulo a Lamulungu. Mabuku a mbiri amalemba za nyimbo zimene akatswiri adazitama. Bokosi la pansi pa thebulo limasonyeza nyimbo zimene anthu wamba adazigula ndi ndalama zao ndi kuziimba mpaka singano kutha. Pa mboni ziwirizi, ife tiyesa bokosi ndilo silinama kwambiri.

Kwa zaka zambiri mbale izi zinkagulitsidwa pa mtengo wosafika ngakhale wa kapu ya tiyi. Zinthu zidatembenuka achinyamata atayambanso kuzikonda. Mu 2008 masitolo a nyimbo adayambitsa tsiku lao la pachaka lotchedwa Record Store Day, ndipo mu 2022 ku America kudagulidwa mbale zatsopano pafupifupi 41 miliyoni pamene ma CD anali 33 miliyoni, koyamba kuti mbale ipose CD pa chiwerengero chiyambire 1987. Popeza mbale yatsopano njodula, wophunzira wa thumba lopyapyala amalowera ku sitolo yachifundo, kumene amakagundana mitu ndi amalonda ofuna kugula motchipa kuti akagulitse modula.

Chimene chimawadzutsa m'mamawa amalondawo ndi nkhani za mwai, ndipo zina mwa izo n'zoona. Nyimbo yoyamba ya gulu la Beatles, Love Me Do, isanatuluke mu 1962, kampani idadinda timbale pafupifupi 250 totumiza ku mawailesi ndi kwa atolankhani, ndipo pa timbale timeneti dzina la McCartney lidalembedwa molakwika kuti McArtney. Kamodzi ka ito kadaperekedwa ku sitolo ya British Heart Foundation, ndipo mu 2019 bungwelo lidakagulitsa pa mapaundi oposa 9,000. Chimodzimodzi mu 1977 kampani ya A&M idadinda mbale 25,000 za nyimbo ya Sex Pistols, God Save the Queen, koma itakangana ndi anyamatawo patangopita masiku ochepa idaphwanya pafupifupi zonse; zochepa zimene zidapulumuka zimagulidwa pa mapaundi zikwizikwi. Onani kuti pa nkhani ziwirizi mtengo sudadze chifukwa cha kukoma kwa nyimbo, pakuti nyimbo zomwezo mungazimve paliponse. Udadza chifukwa cha kusowa kwa chinthucho.

Onaninso kuti kambale ka Beatles kaja sikadafike m'bokosi la pansi pa thebulo. Ogwira ntchito adakazindikira. Lero, chifukwa cha kaundula wa mbale wotchedwa Discogs amene adakhazikitsidwa ku Portland m'chaka cha 2000, aliyense wokhala ndi foni angathe kuona m'kamphindi kuti mbale yakutiyakuti idadindidwa liti ndipo ena adaigula pa mtengo wanji. Mabungwe akuluakulu tsopano amapatula zamtengo wapatali ndi kuzigulitsa pa intaneti kapena m'masitolo ao apadera a nyimbo ndi mabuku. Osonkhanitsa ena amang'ung'udza kuti masewero adaonongeka. Kudandaula kumeneku sitikumva bwino, pakuti mwini mbale adaipereka kuti ithandize odwala mtima kapena anjala, osati kuti wamalonda wochenjera alemererepo.

Wosonkhanitsa weniweni amadziwika ndi m'mene amaonera mbale, ndipo apa mwambi uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha umagwira ntchito. Choyamba amasolola mbale m'chikuto kuti atsimikize kuti ndi yomweyo yalembedwa kunja, chifukwa pa maphwando a kale mbale zinkabwezedwa m'zikuto za zinzake. Amaigwira m'mbali ndi zikhatho, osakhudza timizere, naipendeketsa pa kuwala. Zokanda zimene diso lokha likuona kawirikawiri sizivuta. Chimene chikhadabo chikuchimva podutsapo, singano nayo idzachimva. Kenaka amaiika molingana ndi maso kuti aone ngati idapindika, pakuti vinyl ikakhala padzuwa kapena pafupi ndi moto imapotoka ngati chikopa chouma, ndipo kuiwongola ndi ntchito yosadalirika. Pakati pa mzere womaliza ndi pepala la pakati pali malo osalala pamene padazokotedwa manambala ang'onoang'ono. Manambala amenewa ndiwo amauza wodziwa ngati mbaleyo ndi ya kudinda koyamba kapena ya pambuyo pake. Kunyumba amaitsuka ndi madzi oyera ndi kansalu kofewa, motsata timizere, naiimika chilili ngati buku, osaisanjikiza. Ikakhala ya 78 saiyandikiza spiriti ngakhale pang'ono, chifukwa shellac imasungunuka nayo, ndipo imafuna singano yakeyake yokulirapo.

Kaseti ili ndi matenda ake. Pansi pa tepi, pamalo pamene imakhudzana ndi mutu wa makina, pali kansalu kakang'ono kokhuthala. Kakagwa, mau amamveka ngati a munthu woyankhula ali m'mtsuko. Pa kawindo ka pakati mukaona zoyera ngati ufa pa mpukutu wa tepi, imeneyo ndi nkhungu, ndipo idzadetsa makina ndi kupatsira makaseti ena. Kaseti yomangidwa ndi masikuluwu ingathe kutsegulidwa ndi kukonzedwa, pamene yomatidwa iyenera kuthyoledwa ndi kusamutsira tepi yake m'chigoba china. Ya C-120 ili ndi tepi yopyapyala kwambiri imene makina amakonda kutafuna; ya C-60 ndi ya C-90 n'zolimbirapo. Ndipo amene adakula m'nthawi imeneyo safuna kuuzidwa ntchito ya cholembera pa kaseti.

Chokopa kwambiri pa makaseti, kwa ena, si a oimba otchuka koma aja ojambulidwa panyumba, olembedwa ndi dzanja pa chikuto. Masitolo ambiri amangowataya, koma ena amapulumuka. M'menemo mumatuluka nyimbo zimene mnyamata adasankhira bwenzi lake, pologalamu ya pa wailesi imene nyumba ya wailesiyo idafufuta kalekale, ulaliki, mwana akuphunzira kuwerenga, kapena kalata ya pakamwa ya munthu wa kuulendo kwa abale ake. Apa wosonkhanitsa ayenera kusamala. Wagula pulasitiki ndi tepi, koma mau a m'banja la eni sadawagule, ndipo si chilichonse chimene khutu lamva chiyenera kuulutsidwa.

Tinene poyera kuti mchitidwewu uli ndi nthenda yake. Alipo ena amene nyumba zao zidadzaza mpaka pakhonde ndi mbale zimene sadzapeza masiku ozimvera, ogula chifukwa chakuti n'zotchipa basi. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Ambiri a iwo mulu wao udzabwerera ku sitolo yomwe udachokera, ana akadzakhuthula nyumba.

Komabe anthu a khalidwe lofukula mabokosi ndiwo adaukitsa oimba ena a mu Africa amene dziko lidawaiwala. Mu 2002 mnyamata wa ku America, Brian Shimkovitz, adagula kaseti pa kamsika ka m'mbali mwa msewu ku Cape Coast m'dziko la Ghana. Inali Obaa Sima, ya woimba wotchedwa Ata Kak, imene idatuluka mu 1994 m'makope pafupifupi 50 okha ndipo siidayende malonda. Adamufunafuna mwini wake kwa zaka zambiri, ndipo mu 2015 kampani yake ya Awesome Tapes From Africa idaitulutsanso, woimbayo nayamba kuitanidwa kukaimba m'maiko akutali.

Chitsanzo chapafupi chili kwa anansi athu a ku Zambia. M'zaka za m'ma 1970, makamaka Pulezidenti Kenneth Kaunda atalamula kuti gawo lalikulu la nyimbo za pa wailesi likhale la m'dzikomo, kudabuka magulu a magitala aukali monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi. Mbale zao zinkadindidwa ku Ndola, kumene kunali kampani ya Teal. Mtengo wa mkuwa utagwa, chuma chidalowa pansi. Pambuyo pake matenda a Edzi adatenga oimba ambiri, ndipo mbalezo zidatsala m'masutikesi ndi m'magalaja. Osonkhanitsa a kunja ndiwo adayamba kuzisaka ndi kuzilipira ndalama zambiri. Mu 2012 kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles idatulutsanso nyimbo za WITCH pamodzi, ndipo mtsogoleri wa gululo, Emmanuel Jagari Chanda, amene adakhala zaka akuphunzitsa sukulu kenaka akukumba miyala yamtengo wapatali, adabwerera pa nsanja. Mu 2023 gululo lidatulutsa chimbale chatsopano, Zango, ndipo mu 2024 woimba wa ku America Tyler, the Creator adamanga nyimbo yake ya Noid pa chidutswa cha nyimbo ya Ngozi Family.

Nkhani imeneyi njokondweretsa, koma ili ndi minga. Mbale yakale ikagulidwa motchipa ku Kitwe ndi kugulitsidwa modula ku London, woimba ndi ana ake salandirapo kanthu, chifukwa malonda a chinthu chogwiritsidwa kale ntchito ali pakati pa wogula ndi wogulitsa okha. Phindu limawafika pokhapokha wina akachita chilungamo chowafunafuna, kulemba nao pangano ndi kutulutsanso nyimbozo mwalamulo. Ndipo mbale iliyonse yokwera ndege ndi imodzi yochotsedwa pa zochepa zimene zidatsala kwao, kotero kuti mdzukulu wofuna kuona chikuto cha chimbale cha agogo ake angafunike kuchiitanitsa kuchokera kutsidya la nyanja.

Kwathu kuno nyimbo zambiri za m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 zidakhala pa kaseti. Za Alleluya Band ya ku Balaka, za Paul Banda ndi mng'ono wake malemu Lucius Banda, za Billy Kaunda ndi Mlaka Maliro, zinkafika kwa anthu kudzera kwa O.G. Issa ku Limbe ndi kwa ogulitsa a m'misika. Za malemu Allan Namoko ndi Chimvu River Jazz Band zina zidatulukira ku Scotland pa chizindikiro cha Pamtondo cha Dr John Lwanda. Awa ndi maina odziwika, ndipo nyimbo zao zotchuka sizidzasowa. Koma pa woimba mmodzi wotchuka panali ena ambiri, makwaya a m'mipingo ndi magulu a banjo a m'maboma, amene adatulutsa kaseti imodzi m'makope ochepa, namwazikana. Ku Britain chinthu chotere chikadagwera m'bokosi la pansi pa thebulo ndi kukhala m'chipinda chouma mpaka wina atadzachitola. Kuno mwambo wopereka katundu wa womwalira ku sitolo tilibe. Zovala ndi ziwiya abale amagawana, ndipo kaseti, popeza wailesi yoimbira idafa kale, imatsala m'katoni pansi pa bedi.

Adani ake pamenepo ndi ambiri: kutentha kwa nyumba ya malata mu October, chinyezi cha mu January chimene chimabala nkhungu, mphemvu ndi chiswe zimene zimayamba ndi pepala la chikuto, pamene pali maina a oimba ndi chaka. Amene wapeza kaseti yotere achita bwino kuizungulitsa kaye ndi cholembera kuchoka kumapeto kufika kumapeto ena kuti tepi imasuke, ndi kulumikiza makina ku kompyuta asanaiimbe, chifukwa tepi yokalamba nthawi zina imalola kuimba kamodzi kokha. Alembenso zonse za pa chikuto, ngakhale dzina la situdiyo ndi la wojambula chithunzi. Makaseti ambiri mwai umenewu saupeza. Ana amasolola tepi yake kukongoletsera magalimoto a mawaya, ndipo ina alimi amaikunga pa timitengo m'minda ya mpunga ndi mapira, kumene imanyezimira ndi kulira ndi mphepo poingitsa mbalame.